Tsiku Limene Bwalo Lidatsinzina

Padangokhala, ndipo amene ali nane avomere chamumtima, m'dziko la a Njati mudalowa matenda. Sadabwere ndi phokoso. Adangolowa m'magazi mwa nyama n'kukhazikika momwemo. Nyama inkadya koma osanenepa, ubweya n'kumayoyoka, chifuwa osatha, mpaka tsiku lina inkangogona osadzukanso. Matendawo adawatcha kaliwondewonde, koma dzinali ankalitchula monong'ona, poti wodwala ankalozedwa zala.

M'dzikomo mudali gologolo wina wamkazi, dzina lake Nachanza. Adali wochepa thupi, wopepuka pakamwa, wokonda kukhala panthambi n'kumaonerera zochitika pansi. Iyeyu ndi amuna ake, a Kadzamira, onse awiri adali nawo matendawo. Amene adafooka msanga ndi a Kadzamira. Mchira wawo, umene kale ankafunda pogona mpaka kumutu, udatsala ngati kachingwe.

Komatu mankhwala adalipo. Adawapeza ndi a Ngaka, sing'anga wamamba thupi lonse, atatha zaka zisanu ndi ziwiri akukumba mizu, kulawa, kusanza, n'kukumbanso. Mankhwalawo sankachiza, ankangowagoneka tulo matendawo. Wodwala ankayenera kumwa tsiku ndi tsiku dzuwa likafika paliwombo, osaphonya, moyo wake wonse. Akatero thupi linkabwerera, n'kudzakalamba ngati wina aliyense.

Atawapeza, a Ngaka adapita kubwalo kwa a Njati, mfumu yofatsa imene inkaweruza milandu ikubzikula, ndipo kumeneko adapangana pangano. A Ngaka adanena poyera kaphikidwe kake kuti nzeruyo isadzafe nawo, ndipo a Chinkhwe, msungamawu wa pabwalo, adaloweza. Bwalo nalo lidalamula kuti kwa zaka makumi awiri pasapezeke wina wophika mankhwalawo koma a Ngaka okha. Mtengo adaika a Ngaka eni ake: nsupa imodzi ya mwezi umodzi, lichero la ngumbi zouma.

Akuluakulu, eni zulu, ngumbi adali nazo m'nkhokwe chaka chonse. Koma agologolo, asakhwi ndi nkhwali chulu adalibe. Ankangotola ngumbi zogwera panjira mvula yoyamba ikagwa, basi.

Tsiku lina m'mawa Nachanza adasenza mtedza wake wonse ulendo kwa a Ngaka.

"Odi, asing'anga."

"Lowani, mayi. Lichero lili kuti?"

"Ndabwera ndi mtedza, wawa. Nkhokwe yonse ndakokolola."

"Mano ndilibe ine. Mtedza ndiutani?"

"Amuna anga sakudzuka."

A Ngaka adayang'ana pansi. "Pepani. Ana anga awiri adapita ndi matenda omwewa ine ndili kutchire, ndikulawa mizu. Zaka zonse zija ndinkagona ndi njala. Lero ndisadye?"

"Idyani, asing'anga. Koma zaka makumi awiri gologolo sazifika, ngakhale wangwiro."

A Ngaka adapinda mutu, n'kupinda mchira, n'kusanduka mpira wamamba, ndipo nkhani idathera pomwepo.

Nachanza sadabwerere kwawo. Adakhotera kwa a Chinkhwe, amene ankangokhala panthambi yawo tsiku lonse, mawu a dziko lonse ali m'mutu, koma osalankhula pokhapokha wina awafunse.

"A Chinkhwe, kumva n'koletsedwa kodi?"

"Kumva ayi. Choletsedwa n'kuphika."

"Ndiye ndiuzeni kaphikidwe kake."

A Chinkhwe adapendeketsa mutu n'kuyamba kulankhula ndi mawu a a Ngaka enieni, otsika aja: mizu itatu yakutiyakuti, khungwa limodzi, ndere za pamwala, madzi otunga m'mawa. Nachanza adabwereza katatu chamumtima.

"Nanga lamulo likuti bwanji, mawu ake enieni?"

"Pasapezeke wophika m'dziko la a Njati."

"Dziko la a Njati limathera pati?"

"Pamtsinje."

Mawa lake Nachanza adadumpha nthambi ndi nthambi mpaka kutsidya. Kumeneko adakumba mizu, n'kukoleza moto, n'kuphika mphika wodzaza. Adathira m'nsupa, n'kutseka ndi zitsononkho. Koma ndi katundu wotere sakadadumphanso nthambi, choncho adatsikira padoko, pamene mlonda wa mfumu, a Ng'ona, ankaothera dzuwa.

"Muli chiyani m'nsupamo?" adafunsa a Ng'ona, diso limodzi lokha lotsegula.

"Zophikidwa kutsidya, amalume."

"Si mankhwala a a Ngaka amenewo?"

"Ndi omwewo. Lamulo likuletsa kuphika kwathu. Ine ndaphika kwa eni ake."

A Ng'ona adayamba kuganiza, ndipo kuganiza kwawo kudali kotenga nthawi. Poyembekezera, Nachanza adakhala pamwala n'kuyamba kuimba. Idali nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, yopanda ng'oma, yopempha dzuwa kuti liime kaye pamene lafikapo, lidikire amene sadamwe. Inkakwera pang'ono n'kutsikanso ngati mpweya wa munthu wogona, ndipo womva ankangozindikira akuvomera cham'mphuno. A Ng'ona adavomera kamodzi, kawiri, kachitatu diso lija lidatseka. Nachanza adayenda pamsana pawo, kuchokera kumchira mpaka kumphuno, n'kutsikira tsidya lakwawo.

Miyezi iwiri idatha akuchita zomwezo. A Kadzamira adayamba kupempha chakudya. Kenaka adatsika okha mumtengo. Tsiku lina Nachanza pobwera adawapeza akupesa mchira, timaubweya tatsopano titayamba kumera. Asakhwi ndi nkhwali nawo ankabwera ndi tizikho tawo, ndipo Nachanza ankawagawira.

Mbiri idawafika a Ngaka, ndipo adakadandaula kubwalo. A Njati adamva, adabzikula, n'kuuza a Chinkhwe kuti awonjezere mawu: ngakhale ophikidwa kutsidya, asaoloke mtsinje. Tsiku lotsatira a Ng'ona adatseka makutu ndi matope, ndipo Nachanza atafika adamenya nsupa zonse ndi mchira.

"Pepa, mphwanga," adatero. "Ndatumidwa."

Nachanza adaima n'kuyang'ana mankhwala akulowa mumchenga. Kenaka adabwerera kwa a Chinkhwe.

"Tabwerezani. Choletsedwa n'chiyani?"

"Kuphika, ndi kuolotsa."

"Basi?"

"Basi."

Adapeza mwala wakuda wokumbika pakati ngati mtondo. Adasinja mizu ija, n'kuthira momwemo pamodzi ndi madzi, n'kusiya padzuwa. Masiku atatu adakhala pambali pake akuimba nyimbo yake ija, yopempha dzuwa kuti lisafulumire, ndipo ena amati m'masiku amenewo dzuwa lidachedwadi kulowa. Tsiku lachitatu madziwo adafiira ngati ophikidwa pamoto. Koma asadatape kokwanira sabata, a Nyalugwe, msilikali wa mfumu, adamugwira pakhosi n'kupita naye kubwalo.

"Mayi inu," adatero a Njati mofatsa, "mwaphika?"

"Wawa, moto auona ndani?"

A Nyalugwe adavomera kuti moto sadauone, ngakhale phulusa.

"Nanga apsa bwanji?"

"Laphika ndi dzuwa, mfumu. Ngati pali mlandu, liitaneni lidzayankhe lokha. Ine ndangotapa."

A Njati adaleka kubzikula. Adakweza mutu kuyang'ana kumwamba, n'kuutsitsanso, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kobisa. Nduna zina nazo zidabisa nkhope. Koma a Ngaka adaimirira pamiyendo yakumbuyo.

"Sekani," adatero. "Koma matenda awa si otsiriza. Akadzabwera ena, adzapite kutchire ndani? Ndani adzalawe mizu yowawa zaka ndi zaka, akudziwa kuti pobwera wina adzangotapa?"

Kuseka kudatha, poti mawuwo adali ndi mutu. A Njati adausa moyo n'kulamula kuti mankhwalawo asapangidwe mwa njira ina iliyonse, kaya ndi moto, kaya ndi dzuwa. Adamuuzanso Nachanza kuti akadzagwidwa kachitatu, adzasamuka m'dzikomo osabweranso. A Nyalugwe adapita kukakapiza madzi a pamwala aja ndi phazi.

Matenda ogonekedwa akadzuka, amadzuka olusa. A Kadzamira adabwerera pamphasa. Nachanza ankawatafunira mtedza n'kumawaika m'kamwa, koma sunkatsika. Mwezi usadathe, masana ena kukutentha, adamuuza kuti awafunditse mchira wake poti akumva kuzizira. Adawafunditsa, ndipo adapita ali chofunda choncho.

Maliro atatha, Nachanza naye adayamba kufooka. Ankakhala panthambi masana, thupi likutentha, osadziwa ngati ali maso kapena ali m'tulo. Pansi pa mtengo wake pankadutsa kanjira kopita kuseri kwa nyumba ya a Ngaka, ndipo m'kanjirako ankaona akuluakulu a m'dzikomo akuyenda monyang'ama, mmodzimmodzi, lichero lovindikira ndi masamba. Ankawaona kuyambira kale, koma sadauzepo munthu.

Tsiku lina ali chikhalire choncho, adaona a Kadzamira atakhala kumapeto kwa nthambi, onenepa bwino, mchira uli wiliwili ngati tsiku limene adadzamufunsira. Nthambiyo sinkapindika ndi kulemera kwawo.

"Bambo, kumeneko mukudya?" adafunsa Nachanza.

"Tikudya. Koma inu musabwere msanga." Adakanda khutu monga ankachitira. "Nachanza, lamulo lija mudalimva mpaka kumchira?"

"Lili ndi mchira?"

"Chilipo chopanda mchira m'dziko muno?"

Atakweza mutu, panthambipo padalibe kanthu. Adatsika pang'onopang'ono, akupumira, mpaka adafika kwa a Chinkhwe.

"A Chinkhwe, lamulo lija lidathera pamene mumalekezera paja?"

"Ayi."

"Bwanji simunkamaliza?"

"Palibe adandifunsapo." Adapendeketsa mutu n'kulankhula ndi mawu a a Njati. "Koma mliri ukadzalowa m'bwalo mwenimwenimo, n'kukhala pansi pamodzi ndi nduna, mfumu idzavundukule mphika kuti aliyense aphike, ndipo mwini nzeru azidzapatsidwa kachigawo kake."

"Nanga mliriwo sudalowe?"

"Pabwalo palibe adanenapo kuti akudwala. Chimene sichidamveke pabwalo, ine sindichisunga."

Nachanza akadatha kukaima pabwalo n'kutchula maina onse a m'kanjira kaja. Adaganizapo. Koma adakumbukira mmene a Kadzamira ankatsikira mumtengo mobisala, kuopa zala, ndipo adaona kuti chimenecho sangachitire mnzake, ngakhale mwini chulu.

M'mawa mwake adatenga mafuwa atatu n'kuwaika pakati penipeni pa njira yopita kubwalo. Adakoleza moto, n'kutereka mphika, n'kukhala pansi. A Nyalugwe atafika adaima, osamvetsa.

"Mayi, mwazungulira mutu?"

"Ayi, ndikuphika. Ndigwireni msanga, dzuwa likukwera."

Bwalo lidadzaza, poti aliyense adafuna kuona gologolo akusamutsidwa. Nduna zidakhala kutsogolo, iliyonse ndi kathumba kake m'khwapa. Tinyama tating'ono tidakhala kumbuyo. A Ngaka adakhala pambali okha.

"Nachanza," adatero a Njati, "ulendo uno mukuti waphika ndani?"

"Ndine, wawa. Ndi moto, ndi mphika, m'dziko lanu. Sindikukana. Ndingopempha mwambo wa wosamutsidwa."

Mwambowo udali woti wochotsedwa m'dziko amalize mawu ake onse otsanzika, ndipo asadamalize, pabwalo pasachoke aliyense, ngakhale mfumu. A Njati adavomera.

Nachanza adayamba kutsanzika. Adatsanzika mtengo wake, nthambi ndi nthambi. Adatsanzika asakhwi, mmodzimmodzi ndi dzina lake, ndi amene adatsogola omwe. Adatsanzika a Ng'ona n'kuwathokoza chifukwa cha msana wawo. Adafotokoza mmene a Kadzamira adamufunsira, zimene adanena ankhoswe, ndi mvula imene idagwa tsikulo. Ankalankhula mosafulumira, ndipo zithunzithunzi za nyama zinkafupika, kufupika, kulowera kunsi kwa mimba.

Nduna ina idayamba kutakataka. Ina idasuzumira kumwamba. Ina idagwira kathumba kake n'kukasiyanso.

"Mwatsala pang'ono, mayi?" adafunsa a Njiri, imodzi mwa ndunazo.

"Ndangoyamba kumene, wawa. Kwatsala akuchimuna."

Dzuwa lidafika paliwombo. Kutsogolo kuja thukuta lidali kamukamu, koma palibe adayerekeza kudzuka. Apo Nachanza adaleka zotsanzika zija n'kuimirira.

"Ine ndimadwala kaliwondewonde," adatero, mosakweza mawu. Kadali koyamba dzinalo kutchulidwa pabwalopo. "Nthawi yanga yomwera yakwana, koma choti ndimwe ndilibe. Mawu anga otsiriza ndi nyimbo. Ndikupempha kuti tonse titsinzine mpaka ithe, ine ndi mfumu yomwe. Amene ali ndi ludzu, amwe. Palibe amuone."

A Njati adamuyang'ana. Kenaka adatseka maso, ndipo bwalo lonse lidatsinzina.

Nachanza naye adatsinzina n'kuyamba nyimbo yake. Tsiku limenelo adaiimba motsitsa kwambiri, mawu atasasa ndi matenda, kupempha dzuwa kuti liime, lidikire amene sadamwe. Kumbuyo kuja tinyama tidavomera cham'mphuno. Mumdima wa m'zikope, aliyense adamva ngati bwalo likuyandama pamadzi.

Kenaka kunsi kwa nyimboyo kudamveka kaphokoso. Phu. Chitsononkho chidazuka pansupa. Padapita kanthawi. Phu, cha kumanzere. Phu, phu, cha kumanja. Kudamveka kumeza, kwina kofulumira, kwina kwamanyazi. Nachanza adabwereza nyimboyo kuti aliyense amalize bwino, n'kuibwerezanso kuti nsupa zibwerere m'mathumba. Atamaliza adadikira pang'ono asadatsegule maso.

Onse adakhala monga adaliri, nkhope zili phee.

"A Chinkhwe," adatero Nachanza, "bwalo lanena chiyani?"

A Chinkhwe, amene ankasunga chilichonse chomveka pabwalo, adatsegula mlomo. Phu. Phu. Phu, phu. Adapitiriza mpaka kakhumi ndi kanayi. Palibe akadadziwa kuti nsupa iyi n'ja yani, poti zitsononkho zonse zimalira mofanana.

"Tsopano nenani mchira wa lamulo."

A Chinkhwe adanena, ndi mawu a mfumu, mfumuyo ili pomwepo ikudzimvera yokha.

A Njati adameza chimene ankabzikula. "Maso sadaone kanthu," adatero, "ndipo asadzafunefune. Koma makutu amva. Mlendoyu wakhala nafe pano nthawi yaitali." Adatembenukira kwa a Ngaka. "Asing'anga, mphika ndavundukula. Aliyense wodziwa aphike, kuno kapena kutsidya. Pa mphika uliwonse inu muzilandira chikhatho cha ngumbi, ndipo miphika ikachuluka simudzagona ndi njala. Dzina la mankhwalawa likhalabe lanu."

"Chikhatho si lichero," adatero a Ngaka.

"Si lichero," adavomera a Njati. "Nachanza, khalani. Pitani mukaone mphika wanu, ungapserere."

Adabwerera panjira paja. Moto udali utazirala, ndipo adaukolezanso. Kumbuyo kwake kudayamba kundanda asakhwi, nkhwali, mbewa, aliyense ndi chikho chake, osabisanso. Ali mkati movundula, adamva mamba akukhulana pambali pake. Adali a Ngaka. Adasuzumira mumphika, n'kutulutsa lilime lawo lalitali, n'kulawa.

"Mumaphula liti?"

"Akawira bwinobwino."

"Ayi. Akawira kachiwiri, phulani. Akawira kachitatu mphamvu imatsala theka."

Nachanza adaleka kuvundula. "Chimenecho pabwalo paja simudanene."

"Sindidanene."

"Miyezi iwiri ija amuna anga ankamwa theka."

"Ndikudziwa, mayi." Kenaka a Ngaka adati, "Ndinkaopa kuti ndikanena zonse, nditsala wopanda kanthu."

Nachanza adawayang'ana. Mawu adali nawo ambiri, poti pakamwa pake sipadasowepo mawu, koma mphika udali utayamba kuwira, ndipo mzere udali utafika kokhota njira. Adawapatsa a Ngaka mthiko.

"Vundulani ndinu. Ine manja atopa."

A Ngaka adavundula. Utawira kachiwiri adaphula okha, n'kutapa chikho choyamba, n'kuchiuzira kuti chizizire, n'kumupatsa Nachanza ndi manja awiri. Iye adakhala tsonga, n'kumwa mpaka pansi. Kenaka adapukuta pakamwa n'kuitana wotsatira.

Apa ndi pamene nthano yadukira. Amene adasinza pakati, afunse mnzake.